M'mimba ndi m'chipala: anthu a ku Lynchburg

Tili Fomu 3, panali chiganizo chimodzi cha mu History chomwe tonse tinachiloweza ngati vesi la ku Sande sukulu: John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, ndipo anakaphunzira pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Tinkachilemba m'kope, pamayeso n'kuchibweza momwemo, aphunzitsi n'kuchonga. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anafunsapo kuti ku Lynchburg komweko kunkakhala anthu otani. Nkhawa yathu inali imodzi basi: kusaiwala kuti m'dzinalo muli chilembo cha y.

Dzinali ndinadzakumana nalonso ndili chaka chachitatu ku yunivesite. Ndinkawerenga mbiri ya anthu akuda a ku America, ndipo pafupifupi tsamba lililonse panali mawu akuti lynching, kutanthauza kuphedwa kwa munthu ndi chigulu cha anthu popanda kumutengera kubwalo la milandu. Ndinaima kaye. Lynching, Lynchburg. Kodi n'kungofanana kwa mawu? Nditafufuza ndinapeza kuti ayi. Mawu awiriwa anatuluka m'nyumba imodzi. Mzindawo unatenga dzina la mng'ono, mchitidwe woipawo unatenga dzina la mkulu wake, ana a bere limodzi.

Nkhaniyi sikanandilowa mumtima chotere ndikanapanda kuona zomwe ndinaona pa tchuthi cha chaka chomwecho. Ndinali pamsika wina m'tauni, amayi atandituma sopo, pomwe wina anakuwa kuti, "Wakuba!" Mphindi ziwiri sizinathe, mnyamata wa zaka mwina 17 anali pansi, anthu atamuzinga. Ankati waba foni. Anamumenya ndi miyala, ndi matabwa a pabenchi, ndi zidendene. Wina kumbuyo anayamba kufunsa kuti teyala lili kuti. Ine sindinaponye mwala, komanso sindinanene kanthu. Ndinangoima, jumbo ili m'manja, n'kumasuzumira pamwamba pa mapewa a anthu. Ndiye pomwe ndinkawerenga za banja la a Lynch, sindinkamva ngati ndikuwerenga za anthu akutali.

Tiyambe ndi abale awiriwo. Bambo awo anachoka ku Ireland ali mnyamata, n'kukafika ku Virginia ngati wantchito wogwirira ngongole ya ulendo wake. Anadzakwatira Sarah Clark, mwana wa bwana wake yemweyo. Sarah analowa mpingo wa Quaker n'kukokeramo ana ake. Anthu a mpingowu ankakana nkhondo, ankakana kulumbira ngakhale m'khoti, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1770 anali atayamba kuletsa anthu awo kusunga akapolo.

Wamng'onoyo, John Lynch, anabadwa mu 1740. Ali ndi zaka 17, mu 1757, anayamba ntchito yowolotsa anthu ndi katundu pa mtsinje wa James. Pomwe pali doko sipachedwa kukhala msika. Anthu anayamba kumanga mozungulira, iye anamanga nyumba yosungiramo fodya, ndipo mu 1786 nyumba ya malamulo ya Virginia inavomereza kuti pa maekala 45 a malo ake pakhale tauni. Ndiyo Lynchburg. John anatsatira mpingo wake n'kumasula akapolo omwe anali nawo.

Koma chomwe chinandiimitsa mutu pa munthu ameneyu ndi china. Cha m'ma 1810 mwana wake wamwamuna, yemwe anali dokotala, anamwalira, ndipo anthu analoza chala kapolo wa malemuyo, dzina lake Bob, kuti anamuthirira chiphe. Khoti linazenga mlanduwo ndipo silinamupeze wolakwa. Komatu kupambana mlandu sikunali kutuluka mu ukapolo. Malinga ndi malamulo a chuma cha masiye, Bob tsopano anali katundu wa bambo wa womwalirayo. John akanatha kumugulitsa kutali kapena kumuzunza mpaka mtima wake utaphwa, ndipo palibe akanamufunsa. Iye mwini ankakhulupirira kuti Bob anachitadi zimenezo. Komabe analemba chikalata chomumasula. M'chikalatamo ananena kuti ufulu ndi wachibadwidwe kwa munthu aliyense, kuti choipa chomwe iye wachitiridwa sichingasinthe mfundo imeneyo, ndiponso kuti kubwezera n'kwa Mulungu. Tangoganizani, bambo woti waika mwana wake m'manda.

Mkulu wake, Charles Lynch, wobadwa mu 1736, anatenga njira ina. Analandira udindo woweruza milandu m'dera lakwawo, ndipo poti udindowo unkafuna lumbiro, mpingo unamuchotsa mu 1767. Itabuka nkhondo yomwe Amereka ankamenyera ufulu wawo kwa Angerezi, iye anakhala mtsogoleri wa asilikali a m'deralo. Mu 1780 kunamveka kuti anthu omwe anali kumbali ya mfumu ya ku Britain akupangana zolanda migodi ya mtovu, komwe kunkachokera zipolopolo za asilikali. Makhoti akuluakulu anali kutali, njira inali yoopsa. Charles ndi anzake anayamba kugwira okha anthu oganiziridwawo n'kumawaweruza okha. Ena ankawakwapula zikoti 39, ena kuwalanda katundu, ena kuwalumbiritsa mokakamiza kapena kuwalowetsa usilikali. Mu 1782 nyumba ya malamulo inapanga lamulo lowateteza kuti asaimbidwe mlandu. Lamulolo linavomereza kuti zomwe anachitazo sizinali zamalamulo kwenikweni, koma linati zinali zoyenera poona ngozi yomwe inalipo. Chaka chomwecho Charles analemba m'kalata yake ina mawu akuti Lynch's law, ndiye kuti lamulo la Lynch. Panalinso munthu wina wa ku Virginia komweko, William Lynch, yemwe ankati mawuwa anayambira kwa iye, koma olemba mbiri ambiri amaloza kwa Charles.

Kunena chilungamo, bwalo la Charles silinkadziwika ndi kupha, ndipo ambiri omwe ankakwapulidwa anali azungu anzake. Komanso zifukwa zake si zachilendo kwa ife. Ndi zomwe zija timamva pamsika: khoti lili kutali, apolisi amachedwa, mukamupereka lero mawa mumupeza akuyenda. Koma iye anatsegula khomo lomwe sanathe kulitseka. Anaphunzitsa dziko kuti anthu aulemu wawo akachita mantha akhoza kuika lamulo pambali, boma n'kuwawombera m'manja pambuyo pake. Dzinalo linayenda, ndipo likuyenda linasintha. Itatha nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, ukapolo n'kuthetsedwa, lamulo la Lynch linasanduka chingwe ndi moto woopsezera anthu akuda kuti asadzione ngati anthu. Sukulu ya Tuskegee inawerenga anthu 4,743 ophedwa mwa njira imeneyi pakati pa 1882 ndi 1968, ndipo 3,446 mwa iwo anali akuda. Lamulo la dziko lonse la America lotchula mchitidwewu kuti ndi mlandu pawokha linadzasainidwa mu 2022. Inde, mu 2022.

Nayo tauni ya John sinatsatire mtima wa mwini wake. Inalemera ndi fodya, ndipo m'zaka za m'ma 1850 inkawerengedwa pakati pa matauni olemera kwambiri m'dziko lonselo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Ife a dziko la fodya tikudziwa kuti tsamba limeneli limalemeretsa ena, osati amene amalisankha ndi kulimanga. Ku Lynchburg manja omwe ankagwira ntchito m'mafakitale a fodya anali a akapolo. Nkhondo yomwe inathetsa ukapolowo inakathera pafupi pomwepo, ku Appomattox, komwe mkulu wa asilikali a kum'mwera, Robert E. Lee, anagonja pa 9 Epulo 1865.

Ana a akapolo omasulidwa aja ndiwo anamanga sukulu yomwe tinkailoweza ija. Mipingo ya Baptist ya anthu akuda a ku Virginia inagwirizana zoikhazikitsa mu 1886, ndipo kuyambira 1891 mpaka imfa yake mu 1906 mkulu wake anali Gregory W. Hayes, yemwe anaphunzira ku koleji ya Oberlin. Hayes ankakhulupirira kuti anthu akuda ayenera kuyendetsa okha sukulu zawo. Bungwe la mishoni la azungu a kumpoto linkathandiza sukuluyo ndi ndalama, koma wokupatsa ufa amafunanso kukuuza kaphikidwe. Mkangano unakula mpaka cha m'ma 1899 sukuluyo inasiyana ndi bungwelo n'kuyamba kudalira zopereka za anthu akuda osauka. Zaka zimenezi ndi zomwe Chilembwe anali pasukulupo. Anali ataona kale nkhope ina ya America, pakuti Booth analemba kuti ku Richmond anyamata achizungu ankawatsata n'kumawagenda chifukwa choti mzungu ndi munthu wakuda akuyendera limodzi. Ku Lynchburg anaona nkhope yachiwiri: anthu akuda akuphunzitsa, akusunga okha ndalama za sukulu, akuuza azungu kuti zikomo, tiyenda tokha. Yemwe akudabwa kuti maganizo omanga Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900 anachokera kuti, ayambire pamenepa.

Pasukulu yomweyo, zaka zomwezo, panali mtsikana wina dzina lake Annie Bannister. Anabadwa mu 1882, ndipo mayi ake anamubweretsa pasukulupo mu 1893 ali ndi zaka 11, asanalowepo m'kalasi ina iliyonse. Pomaliza maphunziro ake mu 1899, iye ndiye anayankhula m'malo mwa ophunzira anzake pamwambo wotsazikana. Mu 1901 anakwatiwa ndi Edward Spencer, mnzake wa pasukulupo yemwe anadzagwira ntchito ku positi, ndipo dziko limamudziwa ndi dzina loti Anne Spencer. Anamanga nyumba pa nambala 1313 mumsewu wa Pierce, kuseri kwake n'kudzala munda wa maluwa. M'mundamo Edward anamumangira kanyumba kolemberamo, ndipo anakatcha Edankraal, kuphatikiza maina awo awiri ndi mawu akuti kraal, omwe agogo athu opita ku Joni ankawadziwa bwino kuti ndi khola.

Anne anali mlakatuli. Ndakatulo yake yoyamba kusindikizidwa inatuluka mu 1920 m'magazini ya The Crisis, ali ndi zaka 38, ndipo pa moyo wake wonse zomwe zinasindikizidwa zinali pafupifupi 30 zokha. Sanasamukire ku New York monga ankachitira alembi anzake. M'malo mwake alembiwo ndiwo ankabwera kwa iye. Nthawi imeneyo mahotela a kum'mwera sankalandira munthu wakuda ngakhale atchuke bwanji, choncho nyumba ya a Spencer inasanduka pofikira alendo. Anafikapo James Weldon Johnson, W. E. B. Du Bois, Langston Hughes, Paul Robeson, Thurgood Marshall, mpaka Martin Luther King Jr. Anne anathandiza kukhazikitsa nthambi ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, mumzindawo. Sitima za pamsewu zitayamba kukhazika akuda kumbuyo, iye anasankha kumayenda pansi. Laibulale ya mzindawo sinkalola munthu wakuda kulowa, ndiye kwa zaka zoposa 20 anayang'anira laibulale ya pa sekondale ya anthu akuda ya Dunbar, n'kumabweretsa ngakhale mabuku ake a kunyumba kuti ana awerenge. Anamwalira mu 1975 ali ndi zaka 93.

Tsopano tiwoloke msewu, tipite kumbali ya azungu ya mzinda womwewo. Pomwe Chilembwe ndi Annie ankakhala m'kalasi, mwini wa nyuzipepala ya Lynchburg News anali Carter Glass, wobadwira mumzindamo mu 1858. Mabuku a zachuma amamulemekeza kwambiri munthu ameneyu. Anali mmodzi mwa olemba lamulo la 1913 lomwe linakhazikitsa Federal Reserve, banki yaikulu yoyang'anira dola, ndalama yomwe kusowa kwake kumatiimika pamizere ya mafuta kuno kwathu. Anakhala nduna ya zachuma kuyambira 1918 mpaka 1920, kenako phungu wa nyumba ya Senate mpaka imfa yake mu 1946. Lamulo la 1933 lolekanitsa mabanki osunga ndalama za anthu ndi mabanki ochita malonda a masheya limatchedwa Glass-Steagall, ndipo Glass wake ndi yemweyu.

Koma asanapite ku Washington anagwira ntchito ina. Mu 1901 ndi 1902 Virginia inkalemba malamulo atsopano oyendetsera boma lake, ndipo Glass anali mmodzi mwa akuluakulu a msonkhanowo. Anaikamo zoti wofuna kulembetsa m'kaundula wa mavoti azitha kufotokoza ndime ya malamulowo mokhutiritsa wolembetsayo, yemwe anali mzungu, ndiponso zoti wovota azikhala atalipira msonkho wa dola imodzi ndi theka pachaka. M'malamulomo munalibe mawu akuti wakuda. Sanafunikire. Wina atafunsa pamsonkhanopo ngati kumeneku sikunali kusankhana mitundu, Glass sanabise. Anayankha poyera kuti tsankholo ndilo anasonkhanirana. Mwa amuna akuda pafupifupi 147,000 a msinkhu wovota ku Virginia, omwe anatsala m'kaundula anali pafupifupi 21,000. Msonkho wa voti uja unadzathetsedwa ndi khoti lalikulu la dzikolo mu 1966.

Glass sanagwire chingwe, sanagende munthu. Iye anatenga zomwe chigulu chinkachita ndi moto n'kuzichita ndi cholembera. Charles Lynch anaika lamulo pambali, Glass analipinda kuti lizigwira ntchito ya chigulu. Ndipo onse awiri nyumba ya malamulo inawavomereza. Zaka zonse zomwe Anne Spencer ankayenda pansi kupita ku laibulale ya ana akuda, amene ankamuimira ku Washington anali munthu ameneyu. Madzi ankamwa a mtsinje umodzi.

Panalinso mlendo wina wochokera ku Africa yemwe anafika mumzindawu patatha zaka khumi Chilembwe atachoka. Dzina lake anali Ota Benga, wa mtundu wa Mbuti wa ku Congo. Mzungu wina, Samuel Verner, anamutengera ku chionetsero chachikulu cha ku St. Louis mu 1904, ndipo mu Sepitembala 1906 anaikidwa m'nyumba ya anyani kumalo osungirako nyama a Bronx ku New York kuti anthu azikamuonera. Abusa akuda a mumzindawo anakwiya n'kulimbana nazo mpaka anamutulutsa. Atakhala zaka zingapo kunyumba ya ana amasiye, mu 1910 anamutumiza ku Lynchburg, komwe anasungidwa ndi banja la mayi wamasiye wa Hayes uja. Anne Spencer ankamuphunzitsa Chingerezi. Anagwirako ntchito pa fakitale ya fodya, ndipo anyamata a m'deralo ankamukonda chifukwa ankawatengera kuthengo kukawaphunzitsa kusaka ndi kufula uchi. Mtima wake unali kwawo, koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, zombo zopita ku Congo zinasowa. Pa 20 Malichi 1916 anadziwombera ndi mfuti. Anaikidwa m'manda opanda chizindikiro.

Nkhondo yomweyo ndi yomwe Chilembwe analembera kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, ndipo pa 3 Febuluwale anaphedwa. Naye anaikidwa popanda chizindikiro. Aafrika awiri odutsa pasukulu imodzi, nkhondo imodzi inawatsekera njira, ndipo pakati pa imfa zawo panangodutsa chaka ndi mwezi umodzi ndi masabata awiri. Mmodzi nkhope yake ili pa ndalama zomwe timagulira sopo. Winayo bungwe loyendetsa malo a nyama aja linadzapepesa za iye mu 2020, patapita zaka 114.

Mmodzi mwa anyamata omwe ankatsata Ota Benga kuthengo anali Chauncey Spencer, mwana wa Anne, wobadwa mu 1906. Ankafuna kuuluka, koma ku Virginia palibe yemwe akanaphunzitsa munthu wakuda kuyendetsa ndege. Anapita ku Chicago n'kukaphunzira kumeneko. Mu Meyi 1939 iye ndi mnzake Dale White anabwereka kandege kakale n'kuuluka ulendo wopita ku Washington, kukaonetsa aphungu kuti munthu wakuda akhoza kuyendetsa ndege ndipo ayenera kuloledwa m'maphunziro a ndege omwe boma linkalipirira. Mmodzi mwa aphungu omwe anakumana nawo anali Harry Truman. Truman yemweyo atakhala pulezidenti, mu 1948 anasaina lamulo lothetsa tsankho m'gulu la asilikali.

Truman anakumananso ndi mwana wina wa ku Lynchburg, ndipo ameneyu ambiri a inu mukumudziwa chifukwa cha filimu ya Hacksaw Ridge ya 2016. Desmond Doss anabadwa mu 1919, mzungu, mwana wa kalipentala, wa mpingo wa Seventh-day Adventist. Iye ankanena kuti ali mwana ankakonda kuyang'anitsitsa chithunzi cha Malamulo Khumi chomwe chinali pakhoma kwawo, makamaka pomwe panajambulidwa Kaini atapha Abele, n'kumadzifunsa kuti munthu angachite bwanji zotere kwa mbale wake. Analowa usilikali mu 1942 koma anakana kugwira mfuti, ndipo anzake ankamunyoza. Mu Meyi 1945 pa chilumba cha Okinawa, anzake atathawa kutsika phiri, iye anatsala pamwamba yekha n'kumakoka ovulala mmodzimmodzi, kuwatsitsa paphompho ndi chingwe. Akuti anapulumutsa anthu pafupifupi 75. Mu Okutobala chaka chomwecho Truman anamuveka mendulo yapamwamba kwambiri ya usilikali m'dzikolo. Mumzinda wa dzina lomwe limakumbutsa anthu chingwe chopachikira, munatuluka munthu wodziwika ndi chingwe chopulumutsira.

Ndisakunamizeni kuti nkhaniyi imangopita kokoma. Mu 1933 mumzinda womwewo munabadwa Jerry Falwell, m'busa wa Baptist ngati Chilembwe. Anayambitsa tchalitchi cha Thomas Road mu 1956 ndi sukulu yomwe lero ndi Liberty University mu 1971. Ali m'busa wachinyamata ankalalikira kuti kulekanitsa azungu ndi akuda n'chifuniro cha Mulungu. Anadzavomereza pambuyo pake kuti pamenepo analakwitsa. Komabe mu 1985 anapita ku South Africa, anakumana ndi P. W. Botha, ndipo atabwerera kwawo anatsutsa zoti dziko la tsankholo lipatsidwe zilango za chuma, n'kunyozanso Bishopu Desmond Tutu kuti sankaimira anthu akuda moona. Baibulo lake linali lomwelo lomwe ankawerenga John Lynch.

Kuno kwathu tikakumana ndi munthu, funso loyamba ndi lakuti kwanu n'kuti, lachiwiri ndi lakuti ndinu ayani. Mafunso abwino ndithu, amapezetsa achibale. Koma nthawi zambiri timawafunsa titanyamula kale yankho. Akatchula boma lakwawo, ife tamaliza kale kumuweruza: anthu a uko ndi ouma manja, a uko ndi odzikonda, a uko musakwatireko. Ikafika nthawi ya chisankho ndiye zimanyanya. Ine ndemwe ndakhalapo pagulu la anzanga ophunzira bwino tikuseka nthabwala zoterezi. Tsono tayesani funso lomwelo pa anthu awa. Kwanu n'kuti? Ku Lynchburg. Mwadziwapo chiyani? Akhoza kukhala Glass, akhoza kukhala Spencer. Ndinu ayani? Ndine Lynch. Uti, womasula munthu yemwe ankamuganizira kuti anapha mwana wake, kapena wokwapula anthu pabwalo la nyumba yake? Akuluakulu anati m'mimba ndi m'chipala, ndipo ine ndaona kuti mudzi nawonso ndi chimodzimodzi.

Sindikunena kuti kwawo kwa munthu kulibe ntchito. Chilembwe akanapita kusukulu ina, mwina sakanabwerera ali yemwe uja. Anne Spencer sakanakhala mlakatuli popanda sukulu yomwe anthu osauka anaisonkhera. Mudzi umakupatsa zida, umakupatsanso mayesero. Onse ndawatchulawa anapeza zofanana patsogolo pawo: mantha, tsankho, Baibulo, ndi chigulu cha anthu chowauza kuti aliyense akuchita zomwezi. Chomwe chinawasiyanitsa ndi zomwe aliyense anachita tsiku lomwe chigulucho chinamuyang'ana.

Ndibwerere pamsika paja, poti sindinamalize. Teyala lija lisanapezeke, mayi wina wogulitsa tomato anasiya benchi yake n'kudzipanikiza pakati pa anthu. Anali wamfupi, wa msinkhu wa amayi anga. Anaima chotangadza pamwamba pa mnyamatayo, n'kumasula chitenje chake chapamwamba kumufunditsa kumutu komwe kunkatuluka magazi. Sananene kuti mwanayo sanabe. Anati, "Kaya waba, kaya sanabe, mukufuna mumuphe ngati nkhuku? Yambani ine." Ena anamutukwana, ena anaseka, wina anati mwina ndi mwana wake. Koma manja anayamba kulemera. Miyala ina inagwera pansi yokha. Mapeto ake abambo awiri anamudzutsa mnyamatayo n'kupita naye kupolisi, mwini foni akutsatira pambuyo.

Mayi uja, anthu ogenda aja, wofunsa teyala uja ndi ine, tonse tinali a tauni imodzi. Mwina ena tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Mwa onsewo, amene anali atawerenga mabuku ambiri mwina ndinali ine, ndipo ndine amene ndinangoima. Ndinagula sopo uja n'kubwerera kunyumba. Amayi atandifunsa chomwe ndinachedwera, ndinati minibasi inavuta.

Chiganizo cha Fomu 3 chija ndimachikumbukirabe, ndipo y uja sindimuiwala. Koma pano pa 15 Januwale, wailesi ikamatchula Lynchburg, sindiganiza za mayeso. Ndimaganiza za abale awiri a dzina limodzi, ndi mayi wogulitsa tomato yemwe ngakhale dzina lake sindinamufunse.